Mkulu wa sukulu ndi uti? Ndale, mawu ndi yunivesite, tikayang'ana tili ku Kachulu

Tsiku lomwe ophunzira akulandira madigiri ku Zomba, mudzatchere khutu ku nkhani za m'Chichewa pa wailesi. Pali malo ena pomwe wowerenga nkhani lilime limamulemera. Pamwambo wotere pamakhala akuluakulu awiri, wina Chancellor, wina Vice-Chancellor, ndipo chiyankhulo chathu chilibe mawu okhazikika owasiyanitsira. Lero mumva kuti "mkulu wa sukulu ya ukachenjede", akunena mtsogoleri wa dziko. Mawa lake, pokamba za amene amayendetsa sukuluyo tsiku ndi tsiku, mumvanso kuti "mkulu wa sukulu ya ukachenjede". Ena pothawa vutoli amati "wachiwiri kwa mkulu", zomwe zimamveka ngati munthuyo amangofunditsa mpando mwini wake akachokapo. Ena amangoti "Chansala" basi, nkumapitirira.

Ku Britain, komwe tinatengera maudindowa, Chancellor ndi munthu wa pamwambo chabe. Amavala mkanjo, kugwira ophunzira chanza, nkubwerera kwawo. Ntchito yonse imakhala m'manja mwa Vice-Chancellor. Kukadakhala choncho kunonso, womasulira sakadavutika. Koma ine ndimaona kuti chisokonezo cha mawuchi si ulesi wa atolankhani ayi. Chikunena zoona. Kwa zaka zoposa 60, funso loti mkulu weniweni wa yunivesite ya boma ndi ndani lakhala ndi mayankho awiri, lina la papepala, lina lomwe aliyense wogwira ntchito kumeneko amalidziwa mumtima. Ndipo ife ophunzira ziyankhulo nkhaniyi ikutikhudza kwambiri, chifukwa ndale zomwezo ndi zimene zinasankha kuti ndi chiyankhulo chiti chiphunziridwe, chitchedwe dzina lanji, ndipo chilembedwe motani.

Kuti tione bwino, tiyeni tichokeko pang'ono ku Chirunga, komwe kuli nyumba za yunivesite, titsikire ku Kachulu. Kachulu ndi doko la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni ya Zomba. Apa ndi pomwe amakocheza maboti opita ndi kuchokera ku chilumba cha Chisi, ndi pomwenso amalonda amadzapikula matemba, makumba ndi milamba kwa asodzi, ena mwa iwo ogonera m'zimbowera, tinyumba toyandama tija ta pakati pa mabango. Pamalo otere munthu mmodzi atha kuitanira malonda m'Chinyanja, kunenerera mtengo m'Chiyao, nkukafika kunyumba agogo ake nkumukalipira m'Chilomwe. Mukafunsa achikulire ambiri a m'mbali mwa nyanjayi kuti akuyankhula chiyani, yankho lachibadwa ndi lakuti Chinyanja. Dzina lakuti Chichewa anthu a kuno linawapeza ali kale ndi dzina lawo.

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa ndi lamulo mu Okutobala 1964, patangopita miyezi itatu dziko litalandira ufulu, ndiponso nthawi yomweyo imene nduna zingapo zinali zitangosemphana ndi Dr Hastings Kamuzu Banda nkuyamba kuthawa m'dziko. Ophunzira oyamba, okwana 90, anayamba maphunziro awo ku Chichiri mu Blantyre mu 1965. Vice-Chancellor woyamba anali mzungu wa ku Britain, Ian Michael. Chancellor anali Kamuzu mwini wake, ndipo koleji yaikulu inatchedwa dzina la udindo wake. Mu 1973 kolejiyo inasamukira ku Zomba, itameza koleji ya aphunzitsi ya Soche Hill ndi sukulu ya za kayendetsedwe ka boma ya ku Mpemba. Patapita zaka ziwiri likulu la dziko linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Zomba analandidwa likulu, nkupepesedwa ndi koleji.

Tiimepo kaye pa dzinali. Tonsefe timati "Chanco", mokoma, mwachikondi, ngati dzina la mnzathu wa paubwana. Wakabaza amati Chanco, mayi wogulitsa mandasi amati Chanco. Koma mukalitambasula liwuli, theka lake loyamba ndi udindo wa Pulezidenti. Takhala tikumutchula tsiku ndi tsiku osadziwa.

Yunivesiteyi sinachedwe kufika kunyanja. Kuyambira mu 1966 mpaka mu 1976 panali kafukufuku wamkulu wa nyanja ya Chilwa, wotsogoleredwa ndi pulofesa wa sayansi ya zamoyo, Margaret Kalk. Mwamwayi kwa ofufuzawo, koma mwatsoka kwa asodzi, nyanjayi inaphwa mu 1968. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosazama, ndipo mvula ikavuta kwa zaka zingapo zotsatizana imasanduka dambo la matope ong'aluka. Akatswiriwo anaona nyanja ikufa, nkuionanso ikudzuka, ndipo zomwe anapeza zinatuluka m'buku lalikulu la Chingerezi mu 1979. Ndi ntchito yomwe mpaka lero anthu amaidalira. Nsomba zinayezedwa, mchere wa m'madzi unayezedwa, mabango anawerengedwa.

Chaka chomwecho cha 1968, nyanja ili gwaa, msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party womwe unachitikira ku Lilongwe unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa, chikhale chiyankhulo cha fuko lonse pambali pa Chingerezi, ndipo ziyankhulo zina zikhale za pakhomo. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Chaka chomwechonso kunabwera lamulo lokhazikitsa bungwe lounika ndi kuletsa mabuku, mafilimu ndi masewero. Ndiye taonani mmene zinakhalira: munthu wa payunivesite anali ndi ufulu wonse wofunsa chifukwa chomwe makumba amafera madzi akachuluka mchere, koma kufunsa poyera ngati anthu a pa Kachulu amayankhuladi "Chichewa", kapena kufunsa chomwe chikuchitikira Chilomwe m'kamwa mwa ana awo, kunali kuputa mavu nkhomola. Nkhani ya chiyankhulo inali itagamulidwa kale, ndipo anaigamula ndi Chancellor.

Kamuzu sanali mlendo pa nkhani za chiyankhulo, apa tisamunamizire. Ali wophunzira ku Chicago, ndiye amene ankapereka mawu ndi ziganizo kwa Mark Hanna Watkins, katswiri wachikuda wa ku America yemwe anatulutsa galamala ya Chichewa mu 1937. Chichewa cha m'buku limenelo ndi cha ku Kasungu, cha mnyamata yemwe anachoka kwawo ali wamng'ono. Atabwerera mu 1958, patatha zaka pafupifupi 40 ali kunja, ankayankhula Chingerezi pamisonkhano, wina nkumamasulira. Koma womasulirayo akaphonyetsa liwu, mkuluyo ankamudula nkumukonza pamaso pa anthu. Tangoganizani. Munthu wosalankhula chiyankhulocho pagulu, koma ali khothi lalikulu la chiyankhulocho.

Mu 1972 boma linakhazikitsa Chichewa Board. Ntchito yake inali kukonza malamulo a kalembedwe, kukonza mtanthauziramawu, ndi kuphunzitsa anthu Chichewa "cholondola", kuphatikizapo kudzera m'pulogalamu ya pa wailesi ya Tiphunzire Chichewa. Malamulo a kalembedwe anatuluka mu 1973, mu 1980 ndi mu 1990. Pascal Kishindo, m'nkhani yake yofotokoza za bungweli, anaonetsa bwino kuti mphamvu yake siinkachokera ku kafukufuku wa mmene anthu amayankhulira, koma kwa mwini dziko. Chitsanzo chomwe ophunzira timachikonda ndi kachilembo ka ŵ, kokhala ndi kachipewa. Kwa anthu a ku Kasungu ndi madera ena a pakati ndi kumpoto, kamvekedwe kake ndi kosiyana ndi w wamba. Kwa ambiri a kumwera, kuphatikizapo a kunyanja ya Chilwa, palibe kusiyana komwe khutu limamva. Mwana wa pa Kachulu ankayenera kuloweza pamtima malo oika kachipewa pa mawu omwe iye amawatchula mopanda kachipewa. Lero ambiri sitikalembanso, koma m'nthawi imeneyo kusiya kachipewa pa dzina la dziko sikunali nkhani yoseka.

Ku Chirunga nako kunabadwa dipatimenti yotchedwa Chichewa and Linguistics. Onani dzinalo. Si dipatimenti ya ziyankhulo za m'Malawi, ndi ya chiyankhulo chimodzi, kenako sayansi ya ziyankhulo. Ndipo pomwe Chiyao, Chilomwe, Chitumbuka, Chisena ndi Chitonga zinalibe khomo lolowera, Chilatini ndi Chigiriki zinatsekuliridwa khomo lalikulu. Mu 1981 Kamuzu anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, sukulu yomwe inkaphunzitsa ziyankhulo zakale za ku Ulayazi koma osaphunzitsa Chichewa, ndipo aphunzitsi ake anali azungu. Kuyambira mu 1982 mayi wina wachitsikana, Caroline Alexander, anayamba kukhazikitsa dipatimenti ya maphunziro omwewo ku Chancellor College. Ophunzira ankasanthula ziganizo za ku Roma wakale, mtunda wa ola limodzi kuchokera padoko pomwe ziyankhulo zitatu za moyo zinkasakanikirana tsiku lililonse popanda wozijambula.

Pena pake tinene chilungamo. Kalembedwe komwe ndikugwiritsa ntchito pano kanachokera ku bungwe lomwelo. Dipatimenti ija, ngakhale inabadwa ndi dzina lopapatiza, inalera akatswiri omwe anakweza Chichewa mpaka kufika m'mabuku a akatswiri a dziko lonse. Sam Mchombo, yemwe pambuyo pake anakaphunzitsa ku Berkeley, ntchito yake ndi Joan Bresnan ya mu 1987 yokhudza tizigwirizanitsi ta m'mneni imawerengedwa paliponse pomwe anthu akuphunzira ziyankhulo za Chibantu. Al Mtenje anachita zomwezo pa kamvekedwe ka mawu. Chidwi cha Pulezidenti chinabweretsa ndalama, malo ndi ulemu. Vuto lake ndi lakuti amene wakupatsa nkhuku amafunanso kukuuza tsiku loipha.

Liwu lomwe limandithandiza kumvetsa utsogoleri wa nthawi imeneyo ndi lakuti nkhoswe. Kamuzu anali Ngwazi, anali Mkango, kuyambira mu 1971 anali Wamuyaya, koma kwa amayi a chipani anali Nkhoswe, iwo nkukhala mbumba yake. Kwa ife a chikamwini, nkhoswe sakhala m'nyumbamo. Saphika, salima munda wa banjalo. Koma ukwati sungamangidwe kapena kutha iye osadziwa, ndipo mlandu ukakula mawu omaliza ndi ake. Umu ndi mmene Chancellor analili pa yunivesite. Ma Vice-Chancellor, Ian Michael, Gordon Hunnings, David Kimble ndi John Dubbey, onse anali ochokera kunja, anthu oti chilolezo chawo chokhalira m'dziko chikanatha kulandidwa tsiku lililonse. Pamwamba pawo panali khonsolo ya yunivesite, yomwe kwa zaka zambiri wapampando wake anali John Tembo, mmodzi mwa anthu amphamvu kwambiri m'chipani, amenenso anakhalapo womasulira wa Kamuzu pamisonkhano. Mmalawi woyamba kukhala Vice-Chancellor, Brown Chimphamba, anafika pampandowo ulamuliro wa chipani chimodzi uli kumapeto.

Nkhoswe yamtunduwu ikakwiya zinkatha bwanji? M'zaka za m'ma 1970 aphunzitsi ndi akuluakulu angapo a payunivesite, ambiri a iwo ochokera kumpoto, anatsekeredwa popanda mlandu. Mmodzi mwa iwo anali mlakatuli Felix Mnthali. Koma nkhani yodziwika kwambiri ndi ya Jack Mapanje. Ambiri timamudziwa ngati mlakatuli, mmodzi mwa omwe anayambitsa gulu la alembi la pa Chancellor College mu 1970, mlembi wa Of Chameleons and Gods, buku lomwe linatuluka mu 1981 nkuchotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu za kuno. Timaiwala kuti Mapanje ndi mnzathu pantchito. Digiri yake ya udokotala ya ku University College London inali ya sayansi ya ziyankhulo, yoyerekeza mmene nthawi imaonekera m'mneni wa Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi. Chiyao, chiyankhulo chija chosaloledwa pa wailesi, anakachiphunzira mozama ali ku London. Pa 25 Sepitembala 1987, ali mkulu wa dipatimenti yake, apolisi anamutenga ku Gymkhana Club mu Zomba. Anakhala m'ndende ya Mikuyu mpaka mu Meyi 1991, osazengedwa mlandu, osauzidwa chomwe analakwa. Mikuyu ili m'chigwa chomwecho chotsetserekera kunyanja ya Chilwa. Kuchokera m'kalasi kukafika m'chitokosi unali ulendo wa mphindi zochepa pagalimoto, ndipo Chancellor wa yunivesite yomwe inamulemba ntchito ndi yemweyo amene boma lake linamutsekera.

Apa ndi pomwe liwu lakuti "ukachenjede" limandiseketsa mowawa. Tsinde lake ndi lomwe lili mu kuchenjera. Koma kuchenjera kuli pawiri. Pali kuchenjera kwa nzeru, ndipo pali "chenjera!" wa munthu amene waona njoka panjira. Palinso kuchenjeza, ndi kuchenjeretsa. Sukulu ya ukachenjede ya nthawi imeneyo inkaphunzitsa zonsezi. Wophunzira ankatuluka atadziwa galamala, atadziwanso kuti m'kalasi mwake mwina muli wina wolemba zomwe mphunzitsi wanena, osati pokonzekera mayeso.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera kusintha kwina kochokera pamwamba, kota. Ophunzira anayamba kusankhidwa potengera boma lomwe akuchokera, osati kukhoza kokha, ndipo aliyense ankadziwa kuti cholinga chinali kuchepetsa chiwerengero cha ochokera kumpoto. Mu 1989 aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale ndi sekondale ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kuchigawo chakwawo. Khothi lalikulu linaithetsa kota mu 1993. Bingu wa Mutharika anaibwezeretsa cha m'ma 2009, ataiveka dzina latsopano lonena za kugawana malo mofanana, boma lililonse nkupatsidwa malo 10 otsimikizika. Mu 2020, chisankho chobwereza chili pafupi, boma la Peter Mutharika linalengeza kuti yatha. Katatu konseko, mfundo yosankhira ophunzira inabwera kapena kuchoka motsatira mphepo ya ndale, osati chifukwa choti aphunzitsi anakhala pansi nkugwirizana.

Kwa ife, chosangalatsa pa kota ndi chakuti yonse inaima pa funso limodzi lachichewa: kwanu nkuti? Fomu imafuna yankho limodzi. Koma "kwanu" wa pa Kachulu ndi wovuta. Msodzi wabwera kuchokera ku Phalombe kapena ku Machinga kutsatira nsomba, wakwatira pompo, ana abadwira pompo. Nyanja ikaphwa banja limasamuka, ikadzadza limabwerera. Mwachikamwini kwawo kwa mwana ndi kwa amayi ake, koma pafomu za boma anthu ambiri amalemba kwa bambo. Nanga mwana wa mphunzitsi wa ku Rumphi yemwe wabadwira ku Matawale ndipo Chitumbuka amangochimva patali, kwawo nkuti? Tsogolo la munthu linkatha kupotoka chifukwa cha mmene watanthauzira kaliwu ka zilembo zisanu.

Mantha aja anayamba kusweka mu 1992. Pa 8 Marichi chaka chimenecho maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo yodzudzula boma, ndipo ophunzira a pa Chancellor College anali m'gulu la anthu oyambirira kuguba mumsewu poigwirizana nayo. Koleji inatsekedwa. Kenako riferendamu ya pa 14 Juni 1993, kenako chisankho cha pa 17 Meyi 1994, Bakili Muluzi nkulowa m'boma.

Onani tsono mmene mayina anasinthira mwachangu mpando utangosintha. Chichewa Board inathetsedwa mu 1995, ndipo mu 1996 m'malo mwake munabwera Centre for Language Studies, pansi pa yunivesite, yopatsidwa ntchito yoyang'ana ziyankhulo zonse za m'dziko muno. Dipatimenti ija inasanduka African Languages and Linguistics. Chitumbuka chinabwerera pa wailesi ya MBC mu 1994, ndipo posakhalitsa nkhani zinayamba kuwerengedwanso m'Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga. Mu 1996 unduna wa maphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha kwawo, ngakhale kuti mabuku ndi aphunzitsi okonzekera zimenezi panalibe. Kunabukanso mkangano wofuna kubwezeretsa dzina lakuti Chinyanja. Mtanthauziramawu uja womwe Chichewa Board inalephera kuumaliza m'zaka zoposa 20 unatuluka mu 2000, ndipo pachikuto pake panalembedwa kuti Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Chaka chomwecho David Rubadiri, mlakatuli yemwe anakhala zaka pafupifupi 30 kunja atasemphana ndi Kamuzu, anakhala Vice-Chancellor.

Zonsezi zinali zabwino, ine sindikutsutsa. Koma funso langa ndi ili: kodi zinachitika chifukwa akatswiri anapambana mtsutso, kapena chifukwa nkhoswe inasintha? Akatswiri monga Kishindo, Edrinnie Kayambazinthu ndi Gregory Kamwendo analemba zambiri zothandiza m'zaka zimenezi, ndipo mawu awo anamveka. Komabe khomo linatseguka chifukwa Pulezidenti watsopano, Myao wa ku Machinga, analibe chifukwa chotetezera chuma cha amene anamugonjetsa. Chimodzimodzi Chilomwe. Kwa zaka zambiri anthu ankachita nacho manyazi, mpaka ana ambiri a Alomwe anakula osachidziwa. Chinayamba kumveka ndi mphamvu pamene Bingu, Mlomwe wa ku Thyolo, anakhazikitsa Mulhako wa Alhomwe ali pampando. Agogo a pa Kachulu omwe anachisunga m'khitchini zaka zonsezo sanasinthe kanthu. Chinasintha ndi munthu wokhala kunyumba ya boma.

Amene ankaganiza kuti masiku a kazitape m'kalasi anapita ndi Kamuzu anadzidzimuka mu 2011. Pa 12 Febuluwale chaka chimenecho mkulu wa apolisi, Peter Mukhito, anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa sayansi ya ndale pa Chancellor College, kukamufunsa za chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi. Chinsinga anali atayerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno ndi mavuto omwe anautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Kuti mkulu wa apolisi adziwe zimenezi ndiye kuti wina m'kalasimo anakanena. Aphunzitsi anasiya kuphunzitsa, akufuna kupepesedwa ndi kutsimikiziridwa kuti m'kalasi simudzakhalanso akazitape. Bingu, yemwe naye anali atatenga dzina la Ngwazi, anaima kumbali ya mkulu wa apolisi nanena kuti sapepesa. Khonsolo inachotsa ntchito anthu anayi: Chinsinga, Jessie Kabwila-Kapasula yemwe ankatsogolera bungwe la aphunzitsi, Garton Kamchedzera ndi Franz Amin. Makhothi anaimitsa chigamulocho, koma koleji inakhala yosayenda kwa miyezi pafupifupi isanu ndi itatu. Nduna ya maphunziro pomwe mkanganowu unkayamba anali Peter Mutharika, mng'ono wake wa Pulezidenti, amene naye anaphunzitsa zamalamulo kwa zaka zambiri ku America. Mu Sepitembala chaka chomwecho wophunzira wa pa Polytechnic, Robert Chasowa, anapezeka atafa pasukulupo, ndipo bungwe lofufuza lomwe Joyce Banda anakhazikitsa mu 2012 linapeza kuti anachita kuphedwa.

Nkhani ya aphunzitsi anayi aja inatha bwanji? Inatha mu Okutobala 2011 pamene Bingu mwini wake analamula kuti abwezeretsedwe pantchito. Apa pali phunziro la galamala ya mphamvu. Papepala, wowachotsa anali khonsolo. Koma wowabwezeretsa anali Chancellor, ndi mawu amodzi. Ngati liwu limodzi linakwanira kuthetsa mkangano wa miyezi yonseyo, ndiye kuti mwini mkanganowo ankadziwika kuyambira pachiyambi.

Mkanganowu unaonetsanso umphawi wina wa mawu. Chomwe aphunzitsi ankamenyera, m'Chichewa ambiri timachitcha "ufulu wa maphunziro". Koma mawu amenewa akafika padoko la Kachulu amamveka zina. Kwa kholo lomwe linaona sukulu ya pulayimale ikukhala yaulere mu 1994, ufulu wa maphunziro ndi woti mwana apite kusukulu osalipira. Ndiye kholo lotere likamva kuti aphunzitsi atseka sukulu pomenyera ufulu wa maphunziro, limangoti, eti, ufulu wanji wotsekera ana panja? Chomwe chinkanenedwa kwenikweni ndi ufulu wophunzitsa ndi kufufuza mopanda mantha, kapena tinene mwachindunji, ufulu woti zomwe zanenedwa m'kalasi zisakathere kupolisi. Ndi mawu ataliatali, salowa bwino pachikwangwani. Koma ndi omwe msodzi angawamve nkuvomereza, chifukwa naye amadziwa kuti zokambirana za m'bwato sizikanenedwa kwa amfumu.

Za kukula kwa mayunivesite ndingodutsamo mwachangu, poti njira yake ndi yomweyo. Yunivesite ya Mzuzu inatsegulidwa mu 1999, nthawi ya Muluzi. Yunivesite ya sayansi yomwe poyamba inakonzedwa kuti imangidwe ku Lilongwe, Bingu anaisamutsira ku Ndata, pamunda wake ku Thyolo, ndipo inatsegulidwa mu 2014 ndi dzina la MUST. Bunda inachoka mu Yunivesite ya Malawi nkukhala LUANAR mu 2012. Ya ku Mombera ku Mzimba anaiikira mwala wa maziko mu 2015, nkudzasinthidwa dzina ndi boma lotsatira nyumba zophunziriramo zisanaoneke. Ndipo pa 4 Meyi 2021 Yunivesite ya Malawi yakale ija inagawika patatu: Polytechnic inakhala MUBAS, makoleji a zaumoyo anakhala KUHeS, ndipo Chancellor College inatsala ndi dzina la banja lonse. M'Chichewa mungati kugawa, mungati kuphwasula, mungati kupatula ana kuti akaime paokha. Liwu lomwe munthu wasankha limakuuzani mbali yomwe ali musanamufunse.

Mu 2020, atangolowa m'boma, Lazarus Chakwera ananena poyera kuti mphamvu za Pulezidenti zachuluka, ndipo chimodzi mwa zitsanzo zomwe anapereka chinali chomwechi, choti mtsogoleri wa dziko azikhala Chancellor wa yunivesite ya boma. Anati ndi chizolowezi cha nthawi yakale. Zaka zotsatira tinamuona atavala mkanjo, akupereka madigiri ku Zomba, ku Blantyre ndi kwina, monga anachitira onse a m'mbuyo mwake. Mayunivesite anachuluka, ndipo mikanjo ya munthu mmodzi inachuluka nawo.

Kunyanja nako zinthu sizinaime. Chilwa inaphwanso mu 1995, inachepa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 maboti a pa Kachulu anagonanso pamatope. Ulendo uno yunivesite inabwera ndi ntchito zothandiza anthu kupirira kusintha kwa nyengo, kudzera ku bungwe la LEAD, ndipo inatsegula wailesi yofalitsa nkhani za chilengedwe kwa anthu a m'chigwa cha Chilwa m'chiyankhulo chomwe amamva. Koma lamulo la maphunziro la mu 2013 linabweza Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, kufufuta mfundo ija ya mu 1996. Mwana wa msodzi yemwe amadziwa ziyankhulo zitatu asanayambe Sitandade 1 amayenera kuphunzira masamu m'chachinayi. Papepala dzina lakuti Chancellor College linatha mu 2021, koma wailesi yomwe bambo ake amamvera ali m'chimbowera ikutchedwabe Chanco.